Mphakati umene unachotsetsa Episkopi pampando

Inu amene mukuwerenga muli ku Karonga kapena ku Nsanje, mwina ku Mkanda simunafikeko. Ndi kuno ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, ndipo ine ndimagulitsa kaunjika pamsika. Ndine Mkatolika wobadwira momwemo, koma ndiyambe ndi kuulula kuti ndinakhala zaka ziwiri osaponda ku mphakati.

Nkhani inali ndalama. Ukapita, pali chopereka, pali mtulo, pali za maliro, pali nkhuku ya abambo mfumu akabwera. Komanso nthawi yokumana imagwera masana, pamene alimi angogulitsa soya ndipo m'thumba muli kanthu. Utseke benchi nthawi imeneyo? Anzanga ena anapita kwa aneneri, amawaza madzi odalitsidwa pa belo asanadule waya. Wina anandifunsa kuti, "Iwe Chikatolika chakocho chakupatsa chiyani?" Ndinangoseka, yankho ndinalibe.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena, katekisiti wopuma, amene anabwera kudzasankha jekete nthawi ya chisanu. Nditadandaula za mphakati, anandiyang'ana nati, "Mwanawe, ukudziwa kuti chinthu ukuchinyozachi chinachotsetsa Episkopi pampando?" Ndinayamba kufunsafunsa, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

Chikatolika chinafika kuno mu 1903, pamene ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ku Kachebere. Kalelo boma lathu linkatchedwa Fort Manning. Mpingo wa nthawi imeneyo unali wa azungu: sukulu, mankhwala, njerwa za tchalitchi, zonse zinkachokera ku mishoni, ife kwathu kunali kulandira ndi kugwada. Mmalawi woyamba kukhala wansembe, a Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, ndipo mu 1939 ku Kachebere komweko kunatsegulidwa seminale yaikulu yomwe inkasula ansembe a kuno ndi a ku Zambia.

Mmodzi mwa aphunzitsi a pa seminaleyo anali a Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, wobadwa mu 1933. Mu 1972 anakhala Episkopi wa dayosizi ya Lilongwe, yomwe Mchinji ili m'kati mwake. Vuto lomwe anaona ndi lomwe aliyense wa kumudzi akulidziwa mpaka lero. Parishi ndi yaikulu, wansembe amafika ku nthambi mwa apo ndi apo. Nanga masiku ena onsewo odwala awayendere ndani? Ana awaphunzitse ndani? Maliro ayimbe ndani? Choncho kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi pamutu wakuti Mpingo Ndife Tonse. Mfundo yake inali yakuti mabanja oyandikana azikumana okha m'makomo, awerenge Mawu a Mulungu, akambirane, asankhe atsogoleri awo, asonkhe ndalama zawo, osadikira wansembe kapena thandizo la kunja. Maepiskopi a m'maiko a chigawo chino, a bungwe la AMECEA, nawonso anagwirizana m'zaka zomwezo kuti njira ndi imeneyi.

Lero zikumveka ngati nkhani wamba, koma taganizirani nthawi yake. Chipani chinali chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anali atakhala Pulezidenti wamuyaya. Mayi anga amanena kuti pakhomo la msika pankaima a Youth, wopanda khadi ya chipani sankalowa, ngakhale wangodzagula mchere. A Mboni za Yehova, chifukwa chokana khadiyo, anathawira ku Sinda Misale ku Zambia mu 1972. Ndiye m'dziko lotere wina akuti anthu azisonkhana m'nyumba, azisankhana okha maudindo, azifunsana kuti kodi zikuchitika m'mudzi mwathuzi Mulungu akukondwera nazo? Boma linaona ngati akumanga chipani china mobisa. Mu 1976 a Kalilombe anakakamizika kuchoka m'dziko muno, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo. Anakhala zaka zambiri kunja, ku America ndi ku England, nadzabwerera ulamuliro utasintha. Anamwalira mu 2012.

Episkopi anapita, koma miphakati inatsala. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi yodzudzula kupanda chilungamo inawerengedwa m'matchalitchi onse. Ine ndinali ku msana. Ambiri amaikumbukira chifukwa inatsegula njira ya riferendamu ya 1993, ndipo n'zoona. Koma kuganiza kwanga ine wa pamsika n'kwakuti kalata ija inagwera anthu amene anali atazolowera kale kukhala pa mkeka, kumva mawu, kenaka kufunsana kuti akutikhudza bwanji.

Musandimve ngati ndikuti mphakati ndi kumwamba, ayi. Muli miseche yoopsa. Ndinaonapo atsogoleri akuyamba kufunsa khadi ya mtulo anamfedwa asanapukute n'misozi yomwe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka pano. Amayi amene maukwati awo sanadalitsidwe amagwira ntchito zonse, kuphika, kusesa, kuyimba, koma pa Ukaristia amangokhala pansi n'kumayang'ana. Mchemwali wanga ndi mmodzi mwa iwo. Ndikamuona Lamulungu akupinda miyendo kuti ena adutse, ndimadzifunsa kuti "tonse" uja amathera pati.

Komabe za ndalama zija ndinasiya kulira nazo kwambiri. Ndinazindikira kuti zomwe ndinkadandaulazo ndiye zomwe bambo uja ankafuna: denga la tchalitchi likadontha, lodontha ndi lathu, palibe mzungu adzabwere ndi malata. Mpingo wa mneneri ndi wa mneneriyo, akasamuka umasamuka naye. Kwathu ansembe amasinthidwa, ena timawakonda, ena timangopirira nawo, koma anaphiri oyambitsa nyimbo ndi omwe aja, ndipo msungichuma ndi mnzanga wogulitsa tomato amene timakangana naye malo m'mawa uliwonse.

Ndinabwerera chaka chatha, mwamanyazi. Palibe anandifunsa komwe ndinali, kupatula mayi mmodzi amene anati, "Taonani, bizinesi yawamasula lero." Ndinameza. Mnzanga wa madzi odalitsidwa uja sindinamuyankhebe, ndipo belo lake ndi langa zimatuluka chimodzimodzi, nthawi zina zabwino, nthawi zina masanza okhaokha.

Sabata ino mphakati uli kwathu. Ndiyenera kutseka benchi 2 koloko, ndikabwereke mikeka iwiri kwa aneba, ndipo akuti Uthenga Wabwino ndiwerenge ndine. Mchemwali wanga wati abwera ndi mbatata.