Ufumu wa ku Mchinji unafookera pa nthaka

Ambiri ku Mchinji amati mafumu anachepa mphamvu chifukwa cha matipate a mu 1994. Koma mbiri ikuonetsa kuti chilondachi n'chakale.

Kale dera lino linali m'manja mwa mafumu a Achewa monga Mkanda. Kenako kunafika Angoni a Mpezeni, omwe anagonja kwa asilikali a Britain mu 1898. Atsamunda anamanga Fort Manning, ndipo malire a dziko anadula mitundu yonse iwiriyi pakati. N'chifukwa chake mpaka lero Inkosi Zulu ndi Mlonyeni amayang'ana kwa Mpezeni ku Chipata, pomwe mafumu a Achewa amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Mu 1933 mafumu analoledwa kukhala ndi makhoti awo, koma pansi pa ulamuliro wachitsamunda. Lamulo la mafumu la 1967 linaika kuvomereza ndi kuchotsa mfumu m'manja mwa boma.

Komabe nkhonya yaikulu inadza ndi fodya wa bale. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, fodyayu ankaloledwa pa maesiteti pokha. Wofuna kulima ankayenera kupeza lizi, ndipo lizi inkafuna chilolezo cha mfumu. Anthu andalama, ena ochokera kutali, ankafika m'midzi ndi mapepala. Mfumu inkasaina kapena kudinda chala, oyeza malo n'kukhoma mabikoni a simenti m'tchire momwe amayi ankatola nkhuni ndi bowa. Posakhalitsa pamalopo pankaima zigafa. Chopweteka n'chakuti lizi ikatha, malowo sankabwerera kumudzi. Ankasanduka a boma. Pofika 1990, pomwe alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, minda yambiri yachonde inali itapita kale, ndipo mabanja ena anatsala ndi timinda tosakwana kudyetsa ana.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti otsogozedwa ndi gulupu, momwe mukhalanso amayi osankhidwa ndi mudzi. Ndi chiyambi chabwino, koma komiti singagawe malo omwe kulibe. Ngati tikufunadi kuti amfumu akhalenso ndi mawu, tiyambe ndi maesiteti omwe angogonera osalimidwa: abwerere kwa eni mudzi, kuti mnyamata wokwatira lero akapempha munda, amfumu akhale ndi pomulozera.