Mizere ya Pansi pa Chikonzero: Mbiri ya Mphunzitsi Wodzifunsa

Pansi pa chikonzero cha phunziro pamasiyidwa mizere ingapo yopanda kanthu. Mizere imeneyi imadikira kuti belu lilire, ana atuluke, ndipo mphunzitsi akhale pansi nalemba mmene phunziro layendera: amene amva ndani, amene atsalira ndani, ndipo nanga iye mwini wapunthwa pati. Adzukulu ambiri amayesa kuti ndi lamulo chabe la kukoleji, koma mwambowu uli ndi kwawo.

Amene adaufesa ndi John Dewey wa ku America. M'buku lake lotchedwa How We Think, lomwe lidatuluka mu 1910 nalembedwanso mu 1933, iye adaphunzitsa kuti kuganiza kwenikweni kumayamba pamene munthu wasokonezeka, nayamba kufufuza chomwe chamusokoneza. Mu 1983 Donald Schön adawonjezerapo m'buku la The Reflective Practitioner. Iye adasiyanitsa kulingalira ntchito ili mkati ndi kulingalira ntchito itatha. Mphunzitsi amene waona nkhope za ana zili gwaa nasintha chitsanzo pomwepo akuchita koyambako. Amene wakhala ndi cholembera madzulo akuchita kwachiwiriko. Kunena zoona, makolo adaadziwa kale zimenezi pamene ankati safunsa adadya phula. Chachilendo chidali chakuti wofunsa ndi wofunsidwa akhale munthu mmodzi, ndipo mayankho akhale papepala, pomwe sangathe kuwakana mawa.

Kuno ku Malawi nkhaniyi idakula chifukwa cha mavuto. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anyamata ndi atsikana zikwizikwi adapatsidwa choko asanaphunzire uphunzitsi. Pansi pa ndondomeko ya MIITEP, yomwe idayamba mu 1997, iwo ankayamba ndi miyezi itatu yokha kukoleji, ndipo zambiri zotsalazo ankaziphunzira ali kale m'kalasi, kawirikawiri kumudzi kumene mlangizi ankafika mwa apo ndi apo. Munthu wotere akapanda kudziyang'ana yekha, adalibe wina womuyang'ana. Ndondomeko ya IPTE, yomwe idabwera pambuyo pake, idapereka chaka chimodzi kukoleji ndi china kusukulu, ndipo itaunikidwanso mu 2017 idanena poyera kuti cholinga chake ndi kusula mphunzitsi wolingalira ntchito yake.

Komatu cholembera chimathanso kunama. Wophunzira uphunzitsi akadziwa kuti zolemba zake zidzapatsidwa malikisi, amaopa kuulula kufooka kwake, ndipo tsiku ndi tsiku amangolemba kuti phunziro layenda bwino. Winanso ali ndi ana oposa 100, makope aunjikana patebulo, ndiye amadzaza mizereyo usiku umodzi atamva kuti mlangizi afika mawa. Zolemba zothandiza zimadziwika msanga. Zimanena kuti ana akumbuyo sadaone pabolodi, kapena kuti funso lidafunsidwa m'Chingerezi chovuta, kenaka zimatchula chomwe mphunzitsiyo adzasinthe Lolemba.