Kochi amene tidagawana ndi Angerezi

Lero tikambirane za mpira, koma osati za omwetsa zigoli. Tikambe za munthu amene amaima kunja kwa mzere, amene timamutukwana timu ikagonja n'kumuiwala ikapambana.

Mukakwera sitima kuno ku Leicester, ola lisanathe mwafika ku Nottingham. Kumeneko, pa bwalo la City Ground, mu Julaye 1993, timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18 idagonjetsa Turkey 1-0 n'kutenga chikho cha ku Ulaya. Chigoli chidali cha penate, wogoletsa Darren Caskey. M'gululo mudali Sol Campbell, Gary Neville, Paul Scholes, Robbie Fowler, komanso Julian Joachim amene ankasewera kuno ku Leicester City. Mayina amenewa mukuwadziwa. Koma kodi kochi wawo mukumudziwa? Adali Ted Powell. Mukafunsa bambo anu kapena amalume anu kumudzi, dzinali aliyankha msanga kuposa Mngerezi aliyense wa mu London Road, chifukwa Powell yemweyo ndi amene adapatsa Malawi chikho chake choyamba.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1962, dziko lathu likadali Nyasaland, Ghana idatikwapula 12-0. Mpaka lero palibe timu idatimwetsapo zigoli zoposa pamenepo. Koma pofika mu 1975 Malawi idali itafika mu fainolo ya chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, chija timati CECAFA, ndipo idangogonja kwa Kenya pa mapenate. Choncho tisanamizane kuti Powell adapeza tchire n'kulima yekha. Adapeza anyamata aluso amene aphunzitsi ena adali atawaumba kale. Chimene chinkasowa ndi kumalizitsa.

Powell sadali wosewera wotchuka. Kwawo ankasewera mpira wa anthu osalipidwa, m'matimu ngati Sutton United ndi Wycombe Wanderers, ndipo kenako adaphunzitsako Wycombe yomweyo. Adafika ku Malawi mu 1977. Chaka chotsatira, mpikisano wa CECAFA utachitikira kwathu, Flames idagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo. Onyoza akadatha kunena kuti galu amauwa pakhomo. Ndiye mu 1979 anyamatawo adapita ku Kenya, n'kukagonjetsa eni bwalo 3-2, chikho n'kubwereranso ku Malawi. Powell adakhala mpaka 1983, ndipo mu 1984 timu imene adaisiya idapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, komwe idafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2.

Taonani nambala imodzi yokha pamenepa: zaka zisanu ndi chimodzi. Munthu mmodzi, timu imodzi, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye mutu wa nkhani yanga lero.

N'chifukwa chiyani nthawi ili yofunika chonchi? Amene mudaphunzitsako ana ngakhale Loweruka limodzi mukudziwa kale. Luso la munthu payekha, monga kuimitsa mpira, kupatsira ndi mwendo wamanzere kapena kumenya ndi mutu, limabwera pobwereza chinthu chomwecho mpaka thupi litachiloweza. Koma machenjera a timu yonse ndi ovuta kuposa pamenepo. Otchinga kumbuyo anayi ayenera kukwera limodzi ndi kubwerera limodzi, apo ayi mmodzi akatsalira ndiye kuti mdani wapeza khomo. Wosewera pakati ayenera kudziwa, asanadzutse n'komwe mutu, kuti mnzake wakutsogolo amakonda kulandira mpira kuphazi kapena kuuthamangira kumbuyo kwa otchinga. Zimenezi sizilembedwa pa bolodi Lachinayi n'kuchitika Loweruka. Zimafuna anthu omwewo, kumva mawu omwewo, kwa miyezi ndi zaka. Kochi wa timu ya dziko amaona osewera ake masiku owerengeka pachaka, ndiye mukamuchotsa patangotha chaka chimodzi, kunena zoona mwamuchotsa asanayambe.

Powell adalinso ndi mwayi umene aphunzitsi a lero alibe. Osewera ake ankasewera konkuno kwathu, ambiri m'matimu othandizidwa ndi makampani monga Bata Bullets ndi Wanderers mu Blantyre, choncho kuwasonkhanitsa kudali kosavuta. Koma tisakometsere nthawi ya Kamuzu. Kukhala pakhomo kuja sikudali kufuna kwa osewera nthawi zonse. Kinnah Phiri, amene adagoletsera dziko zigoli 71, adapeza mwayi wokasewera ku United Arab Emirates koma sadaloledwe kupita, ndipo mapeto ake adachoka m'dziko n'kukasewera ku Swaziland. Ife amene tidakwera ndege ndi pasipoti yathu m'manja tizikumbukira kuti timu yamphamvu ija idamangidwa m'dziko limene chitseko chidali chotseka.

Tsono chipatso chachikulu cha zaka zija sichikho ayi. Ndi anthu. Jack Chamangwana, wotchinga kumbuyo wa nthawi imeneyo, adakasewera ku Kaizer Chiefs ku South Africa n'kudzaiphunzitsanso. Young Chimodzi adadzakhala kochi wa Flames. Ndipo Kinnah adapatsidwa timu ya dziko mu 2008. Mu Juni chaka chomwecho Flames idagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa pa nthawiyo, 1-0 pa Kamuzu Stadium, ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Mu Januwale 2010 ku Luanda, patatha zaka 26 tisanaonekenso ku mpikisano wa Africa, Malawi idathambitsa Algeria 3-0, Algeria imene miyezi ingapo pambuyo pake idakasewera World Cup. Zigoli adagoletsa Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Ena a ife tidali ku pulayimale, koma phokoso la tsiku lija tikulikumbukira, eti?

Mwina mufunsa kuti, nanga Kinnah si adachita zimenezi m'zaka ziwiri zokha, ndiye nthawi yaitali ija ili pati? Yankho lili mu 2004. Chaka chimenecho Kinnah yemweyo adafikitsa Bullets, yomwe inkatchedwa Bakili Bullets, mu ndime ya magulu ya CAF Champions League. Peter Mponda, kaputeni wa Flames ku Angola, adali m'timu imeneyo. Kinnah sadakumane ndi osewera ake pa bwalo la ndege. Ankawadziwa kuyambira kale, ndipo iwo ankadziwa chimene iye amafuna.

Kinnah atachotsedwa mu 2013, mpando uja udasanduka wa m'minibasi, wina akutsika wina akukwera. Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, onsewa m'zaka zosakwana zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe adatifikitsa ku mpikisano wa Africa. Adadzatifikitsako ndi Meck Mwase, Mmalawi wodziwa osewera a pakhomo, pamene Flames idagonjetsa Uganda 1-0 mu Malichi 2021. Ku Cameroon tidagonjetsa Zimbabwe 2-1, tidafanana mphamvu ndi Senegal 0-0, n'kudutsa koyamba ndime ya magulu. Koma ngakhale pamenepo, mpikisano usanayambe timu idali itaperekedwa kale m'manja mwa Mario Marinica, amene naye sadakhalitse.

Mzinda umene tikukhalamowu uli ndi phunziro lomwelo. Anthu amati zimene Leicester City idachita mu 2016 zidali zozizwitsa, ndipo ulemu amapereka kwa Claudio Ranieri. Ulemuwo ndi womuyenera. Koma Jamie Vardy adabwera kuchokera ku Fleetwood Town mu 2012, Riyad Mahrez kuchokera ku Le Havre mu 2014, ndipo Wes Morgan ndi Kasper Schmeichel adali atasewera limodzi zaka zingapo pansi pa Nigel Pearson. Nzeru ya Ranieri idali yosagwetsa nyumba imene adaipeza. Adasiya timu isewere mpira umene inkautha, wotchinga mothinana n'kuthamangira kutsogolo mwadzidzidzi ikalanda mpira, ndipo mu ligi yonse idagonja katatu kokha. Miyezi isanu ndi inayi chitengereni chikho, nayenso adachotsedwa ntchito. Kusadekha si matenda a ku Malawi kokha.

Nanga zikutikhudza bwanji ife? Ambiri mwa inu mumadutsa pa Evington Park kapena Victoria Park kumapeto kwa sabata n'kuona ana akusewera, kochi wawo ali kholo lina lovala jekete lonyowa ndi mvula. Ena mwa anawo ndi athu, ana a achimwene ndi achemwali athu, obadwira konkuno. Bungwe la mpira la kuno, FA, lili ndi maphunziro oyambira a ukochi amene munthu wamba angathe kuchita, ndipo matimu a ana nthawi zambiri amasowa anthu odzipereka. Akakufunsani chikalata cha DBS musadabwe, ndi lamulo kwa aliyense wogwira ntchito ndi ana.

Koma mukalowamo, lowani ndi mtima wokhalitsa. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi safuna kochi wodziwa mayina a machenjera onse a Pep Guardiola. Amafuna munthu amene adzakhalepo Loweruka likudzali, ndi linalo, ndi chaka chamawa, womuuza modekha kachikwi kuti ayang'ane kumbuyo asanalandire mpira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musayese ntchito yanu ndi zikho za ana. Caskey amene adagoletsa penate ija ku Nottingham sadafike pamene adafika Scholes. Zipatso za kochi wa achinyamata zimaoneka patatha zaka khumi, nthawi zina iye kulibe.

Powell adamwalira mu 2005. Sadaone wophunzira wake Kinnah ataima kunja kwa mzere ku Luanda, Algeria ikumwa zitatu. Tsiku lina ena a inu mudzabwerera kwathu ndi madigiri a unamwino, a zamalamulo, a zamakompyuta. Ndikupempha kuti mmodzi kapena awiri adzanyamulenso chikalata cha ukochi, adzapeze bwalo la fumbi ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, n'kukhala ndi ana omwewo zaka zisanu ndi chimodzi.