Kuchokera ku London Mpaka ku Arusha: Mbiri ya Muyezo Umodzi wa Madokotala a Uchembere

Dokotala akamamaliza sukulu yake yoyamba amakhala atalawa nthambi zonse za ntchito yachipatala, koma asanakhwime pa nthambi iliyonse. Kuti atchedwe katswiri wa za uchembere ndi matenda a amayi, amafunika zaka zina zinayi kapena kuposerapo akugwira ntchito pansi pa akuluakulu ake, usana ndi usiku, m'chipinda chochilira ndi m'chipinda cha opaleshoni. Funso lomwe lasautsa mayiko kwa zaka pafupifupi 100 ndi lakuti, kodi dzina lakuti katswiri likutanthauza chinthu chimodzi ku Blantyre, ku Kampala ndi ku Lisbon? Mbiri ya funsoli ikuonetsa kuti anthu anayamba ndi kufananitsa mapepala, kenaka zaka za maphunziro, ndipo mochedwa ndi pomwe anafika pa chenicheni, chomwe ndi luso la m'manja ndi nzeru zomwe dokotala ali nazo mayi akakhala pangozi. Njira yomalizayi ndiyo yoyenera kuikirapo mtima, makamaka ngati lusolo likuphunzitsidwa komwe kuli amayi amene adzathandizidwe.

Muyezo woyamba unachokera ku London. Mu 1929 madokotala a ku Britain anakhazikitsa koleji ya akatswiri a uchembere, yomwe mu 1938 inalandira dzina lachifumu n'kukhala Royal College of Obstetricians and Gynaecologists. Mayeso ake, otchedwa MRCOG, anasanduka khomo lolowera ukatswiri m'mayiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain. Ubwino wake unalipo: aliyense wokhoza mayesowo ankadziwika kuti wadutsa pa sefa imodzi. Koma sefayo inalukidwa poganizira mayi wa ku Manchester. Dokotala wachinyamata wochokera ku Africa ankatha zaka m'zipatala zomwe fistula yobwera chifukwa cha kuchedwa kubereka inali itasowa kale, ndipo chiberekero chong'ambika sichinkaoneka kawirikawiri. Wobwerera kwawo ankayamba kuphunziranso mwatsopano matenda a anthu ake, ndipo ambiri sankabwerera n'komwe.

Oyamba kuona kuti muyezo ungathe kukhala wa chigawo anali a kumadzulo kwa Africa. Bungwe la madokotala a opaleshoni lomwe linayambira ku Ibadan mu 1960 linakula n'kukhala West African College of Surgeons, yokhala ndi nthambi ya uchembere komanso mayeso amodzi a mayiko monga Nigeria, Ghana, Sierra Leone, Liberia ndi Gambia. Umboni wamphamvu unachokera ku Ghana. Mu 1989 sukulu za udokotala za ku Accra ndi ku Kumasi, mothandizidwa ndi Carnegie Corporation pamodzi ndi makoleji a ku Britain ndi ku America, zinayamba kusulira akatswiri a uchembere m'dziko momwemo, mayeso ake akuchokera ku koleji ya chigawo ija. Zotsatira zake zinali zoonekeratu: pafupifupi onse omaliza maphunzirowo anakhalabe ku Ghana, ndipo ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi a otsatira.

Ku Ulaya nkhaniyi inayambira pa ufulu wa ogwira ntchito. Kuyambira mu 1975 mayiko a mgwirizano wa kumeneko anayamba kuvomerezana mapepala a madokotala, ndipo lamulo la mu 2005 linasunga mfundo yoti maphunziro a uchembere asachepere zaka zinayi. Apa chomwe chinafanana ndi kalendala basi. Wina ankaphunzira zaka zinayi, wina zisanu ndi ziwiri monga ku Britain, wina ankamaliza atachita maopaleshoni ochuluka, wina ochepa, koma onse anali ndi ufulu wogwira ntchito kulikonse. Pofuna kutseka mpata umenewu, European Board and College of Obstetrics and Gynaecology mu 2018 inatulutsa ndondomeko yotchedwa PACT, yolongosola zomwe wophunzira ayenera kutha kuchita payekha: zaka zitatu za maziko ofanana kwa onse, ndi zaka ziwiri za nthambi zosankha.

Kuno kwathu, kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, ukatswiri kwa nthawi yaitali unali m'manja mwa mayunivesite ochepa monga Makerere ndi Nairobi, kudzera mu digiri ya MMed, yunivesite iliyonse ndi ndondomeko yake. Dziko la Malawi linatsegula College of Medicine mu 1991, koma wofuna ukatswiri wa uchembere ankayenerabe kupita kunja, makamaka ku South Africa, mpaka mu 2013 pomwe maphunzirowa anayamba ku Queen Elizabeth ku Blantyre komanso ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila ku Lilongwe. Anzawo a opaleshoni anali atatsogola kale ndi koleji ya COSECSA ya mu 1999, yomwe ilibe makalasi akeake: imayendera zipatala, kuvomereza zokwanira kuphunzitsa, zaboma ngakhale zamishoni, n'kupereka mayeso amodzi kwa onse. Potsata njira yomweyi, mu 2017 ku Kigali kunakhazikitsidwa East, Central and Southern Africa College of Obstetrics and Gynaecology, mwachidule ECSACOG, yomwe ili pansi pa bungwe la zaumoyo la chigawochi ku Arusha. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko ake.

Kuti tione chomwe chikuyezedwa, titenge mayi yemwe wangochira kumene, magazi akutuluka osaleka chifukwa chiberekero chalephera kukungika. Dokotala ayenera kudziwa kusisita chiberekero ndi kupereka oxytocin, kufufuza ngati panatsalira kachidutswa ka nsengwa kapena ngati khomo la chiberekero lang'ambika, kuika baluni m'chiberekero, ngakhale yopangidwa ndi kondomu ndi kapaipi, ndipo zonsezi zikakanika, kutsegula pamimba, kumanga chiberekero ndi ulusi, kapena kuchichotsa nthawi isanathe. Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kudziwa nthawi yosiyira njira imodzi n'kupita pa inzake. Chimenechi sichioneka pa satifiketi kapena pa chiwerengero cha zaka. Chimaoneka m'buku lolembamo maopaleshoni omwe wophunzira wachita, losainidwa ndi mphunzitsi amene anaimirira pambali pake, ndi pa mayeso omwe woyesa wake wachokera dziko lina ndipo alibe chifukwa chokondera.

Ena amati pepala lovomerezeka m'mayiko ambiri ndi chiphaso chothawira, ndipo mantha awo ali ndi maziko, chifukwa ku Ulaya madokotala ambiri a ku Romania ndi ku Bulgaria anasamukira kumadzulo malire atatseguka. Koma chomwe chinachotsa madokotala athu kale sichinali kufanana kwa maphunziro. Kunali kuwatumiza kunja pa msinkhu womanga banja ndi kukhazikika. Zomwe zinachitika ku Ghana zikuonetsa kuti wophunzirira kwawo amazika mizu kwawo. Dokotala akachoka ku Lusaka n'kukagwira ntchito ku Mzuzu, luso lake likadali pakati pa amayi a mavuto omwewo. Chomwe chingamusunge kapena kumuthamangitsa ndi malipiro, magazi m'nkhokwe ndi magetsi m'chipinda cha opaleshoni, ndipo zimenezi ndi udindo wa boma. Enanso amati mayunivesite alandidwa mphamvu. Koma yunivesite ili ndi zipatala zochepa zophunzitsira, pomwe koleji ya chigawo ikhoza kufika ku zipatala zomwe yunivesite sifikako, ndipo aphunzitsi ake ndi omwewo.

Chotsutsa cholemera kuposa zonsezi ndi chakuti m'zipatala za m'maboma ku Malawi opaleshoni yotulutsa mwana, yomwe ambiri amaitcha siza, imachitidwa kwambiri ndi makiliniko ofesa, omwe dziko lino lakhala likuwasula kuyambira mu 1976, ndipo ku Mozambique ntchito yomweyi ili m'manja mwa anzawo osakhala madokotala. Imfa za amayi ku Malawi zinatsika kuchoka pa 984 pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, akatswiri oyamba ophunzirira kuno asanamalize n'komwe. Ndiye n'kuvutikiranji ndi muyezo wa anthu ochepa? Yankho lake lili pa ntchito ya katswiri m'dziko ngati lathu. Iye ndi amene amaphunzitsa kiliniko ofesa ndi mzamba, amalandira mayi amene zakanika ku Ntcheu kapena ku Karonga, amasoka fistula yovuta, amachita opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, ndipo amatsogolera kafukufuku wa imfa iliyonse ya mayi. Luso lake likakhala loperewera, kuperewerako kumafalikira kwa onse omwe wawaphunzitsa. N'chifukwa chake ndondomeko ya ECSACOG iyenera kuyeza kuphunzitsa ndi kuyang'anira anzako molimba monga momwe imayezera kugwira mpeni, ndipo mabungwe olembetsa madokotala, monga Medical Council of Malawi, ayenera kutenga pepala la kolejiyi ndi digiri ya MMed mofanana pa kalembera ndi pa makwerero a ntchito m'boma.