Dongo la ku Engenho de Dentro

Kumpoto kwa mzinda wa Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, kuli dera lotchedwa Engenho de Dentro, kumene kunali chipatala chachikulu cha boma chosungiramo anthu odwala misala. Ndipo ngakhale kuti makoma ake anali aatali ndi zitseko zake zokhomedwa usana ndi usiku monga mwa zipatala zonse za mtundu umenewo, m'kati mwa linga limenelo ndi m'mene munakhazikitsidwa, m'chaka cha 1946, imodzi mwa nyumba zoyambirira pa dziko lapansi zochizira mtima wa munthu ndi dongo ndi utoto. Mbiri ya nyumba imeneyi ili ndi mbali zitatu: sing'anga wamkazi amene anzake anamuyesa wosokonekera, mnyamata wophunzira zojambula amene analowamo pofuna kadyedwe, ndi odwala amene dziko linali litawawerenga kale pamodzi ndi akufa.

Tiyenera kuyamba taona m'mene misala inkachizidwira masiku amenewo. Madokotala a ku Ulaya anali atangotulukira njira zitatu zimene zinatamandidwa ponseponse ngati nzeru zatsopano. Yoyamba inali kubaya wodwala mankhwala a insulin kufikira atakomoka. Yachiwiri, imene Ugo Cerletti anayamba ku Roma mu 1938, inali kupititsa mphamvu ya magetsi m'mutu mwa munthu mpaka agwe ngati wakhunyu. Ndipo yachitatu, yochokera kwa Egas Moniz wa ku Portugal, inali kuboola chigaza ndi kudula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, kuti wolusa akhale chete. Chete ankakhaladi, koma panalibe wofunsa ngati munthu uja anali akadalimo m'thupi limene latsalalo.

Sing'anga wamkazi uja, Mayi Nise da Silveira, anabadwira ku Maceió mu 1905, ndipo pamene anatsiriza maphunziro a udokotala ku Bahia mu 1926, anali mkazi mmodzi yekha pakati pa amuna 157. Mu 1936, m'masiku a ulamuliro wa Getúlio Vargas, namwino wina anawaneneza kuti ankasunga mabuku a chikomyunizimu m'chipinda mwawo, nagwidwa, nakhala m'ndende nthawi yoposa chaka; atatuluka anakhala zaka zambiri osaloledwa kugwira ntchito ya boma, kufikira 1944 pamene anawabwezera pa udindo nawatumiza ku Engenho de Dentro. Iye amene walawako kutsekeredwa saona loko monga aonera ena. Tsiku limene dokotala mnzawo anawaonetsa makina a magetsi aja, nawauza kuti adinikize batani pa wodwala wotsatira, iwo anakana. Ndipo popeza munthu wokana zotere analibe malo pakati pa asing'anga otchuka, anawakankhira ku chigawo chonyozeka koposa m'chipatalamo, kumene odwala ankapatsidwa tsache ndi zochapa kuti tsiku lithe.

Kumeneko ndiko anakumana ndi Almir Mavignier, mnyamata wa zaka 21, wobadwira mu Rio de Janeiro momwemo, amene ankaphunzira kujambula pamapazi pa katswiri wa ku Hungary, Árpád Szenes, ndipo anali atalembedwa ntchito yaing'ono pachipatalapo kuti apeze zodzithandizira. Awiriwa anapangana zotsegula chipinda chojambuliramo ndi kuumbiramo, ndipo chinatsegulidwa mu Seputembala 1946. Ntchito ya mnyamatayo inali kuyendera mabwalo ndi zipinda za odwala, kumene anthu ankakhala duu ngati oiwalika, kufunafuna amene manja awo ankalembalemba pakhoma kapena pansi. Anali kuwatsogolera ku chipinda chija, kuwakonzera utoto, kuwanyowetsera dongo, ndi kusamala ntchito zawo kuti zingatayike.

Lamulo la nyumbayo linali lachilendo kwa wophunzira aliyense wa zaluso, pakuti linaletsa chinthu chimene iye akanachidziwa bwino koposa, ndicho kuphunzitsa. Wothandizira sankaloledwa kuongola dzanja la wodwala, kapena kumuuza choti aumbe, kapena kumuikira chithunzi patsogolo kuti atsanzire. Gawo lake linali kukhala pambali pake, tsiku ndi tsiku, munthu yemweyo pa malo omwewo, wachifundo ndi wosafulumira, chifukwa Mayi Silveira anaona kuti wodwala amene wapeza nkhope imodzi yoikhulupirira amayamba kutulutsa zimene anazikwirira zaka makumi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi chifukwa chomwecho Mayi Silveira analola agalu ndi amphaka kukhala pakati pa odwala, poti nyama siweruza ndipo sifunsa mafunso.

Mwa onse amene anagwira dongo m'chipindamo, palibe amene mbiri yake inalondoledwa mosamala kuposa Adelina Gomes, mwana wa alimi osauka wa ku Campos, amene analowa m'chipatala mu 1937 ali ndi zaka 21, amayi ake atamukaniza mwamuna amene anamukonda. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala wosayankhula ndi woopedwa. Koma atamuika patsogolo pa dongo, manja ake anayamba kuumba akazi akuluakulu, ojintcha, a nkhope zoopsa, ofanana modabwitsa ndi zifanizo za amayi zimene anthu akale kwambiri ankaumba asanadziwe chitsulo, ngakhale kuti iye sanazionepo. Dongo lili ndi khalidwe limene pepala lilibe: limalola kufinyidwa, kumenyedwa ndi kuphwanyidwa, nkuumbikanso osasunga mangawa, choncho chinthu chimene chinkamuopsa m'mtima anatha kuchiika patebulo, kuchizungulira, kuchigwira ndi zala zake, ndipo pang'onopang'ono, pa zaka zambiri, amayi a dongo aja anayamba kufatsa nkhope, ndi iye mwini pamodzi nawo. Pamene anamwalira mu 1984, anasiya ntchito pafupifupi 17,500, zoumba ndi zojambula.

Mbiri ya chipindacho sinachedwe kudumpha linga. Mavignier anaitana anzake achinyamata, Ivan Serpa ndi Abraham Palatnik, kuti adzaone. Ndipo Palatnik, amene anali ataphunzira zojambula zaka zingapo, ataona ntchito za Emygdio de Barros ndi Raphael Domingues, anthu amene anakhala otsekeredwa kwa zaka zambiri, anasiya burashi yake, nakayamba njira ina yopanga zithunzi ndi nyali ndi makina, imene inamutchukitsa pambuyo pake. Wolemba nkhani za zaluso Mário Pedrosa anateteza ntchito zimenezi m'nyuzipepala pamaso pa amene ankati zopangidwa ndi wamisala sizingakhale luso. Ndipo mu 1949 ntchito za odwala asanu ndi anayi zinaonetsedwa ku Museu de Arte Moderna ya ku São Paulo.

Mmodzi mwa asanu ndi anayiwo anali Lúcio Noeman, woumba wa manja aluso, amene anaumba ankhondo amphamvu, ooneka ngati a mafumu akale, nanena kuti amenewo ndiwo omutchinjiriza pa nkhondo imene ankamenyana ndi mphamvu zoipa. Wamisala anaona nkhondo, umatero mwambi. Koma madokotala amene anali ndi ulamuliro pa iye sanamve, ndipo ngakhale Mayi Silveira anadandaula ndi kuchonderera, anamuchita opaleshoni yodula ubongo ija m'chaka chomwecho cha 1949, chaka chimene Egas Moniz analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha njira imeneyo. Atabwerera ku dongo, manja omwe aja sanathenso kuumba kanthu koma timibulu topanda maonekedwe. Zoumba zake zoyamba ndi zotsiriza zinasungidwa pamodzi, ndipo Mayi Silveira anazigwiritsa ntchito ngati mboni potsutsa opaleshoniyo. Pakuti zimene mabuku a chipatala akanalemba kuti wodwala wafatsa, dongo linazionetsa poyera kuti munthu waonongedwa.

Chifukwa cha ichi ntchito iliyonse inkalembedwa dzina la mwini wake ndi tsiku limene inapangidwa, kuti sing'anga athe kuziyala motsatana ndi kuwerengamo ulendo wa wodwala. Ndipo zitachuluka, mu 1952 anakhazikitsa nyumba yozisungiramo, Museu de Imagens do Inconsciente, imene lero ili ndi ntchito zoposa 350,000. Mu 1954 Mayi Silveira analembera kalata dokotala wotchuka wa misala Carl Gustav Jung ku Switzerland, namutumizira zithunzi za zojambula zozungulira zimene odwala ankabwereza kawirikawiri, ndipo mu 1957 ntchito za ku Engenho de Dentro zinaonetsedwa ku Zürich pa msonkhano waukulu wa madokotala a misala, Jung mwini ali pomwepo. Mu 1956 Mayi Silveira anali atatsegula kale Casa das Palmeiras, nyumba yopanda maloko kumene otuluka m'chipatala ankabwera masana kudzaumba ndi kujambula, madzulo nkubwerera kwa abale awo. Anamwalira mu 1999, ndipo chipatala chimene chinawanyoza chija lero chimatchedwa ndi dzina lawo.

Mavignier anachoka mu 1951 kunka ku Paris, nakaphunziranso ku Ulm m'dziko la Germany, ndipo pambuyo pake anakhala katswiri wodziwika ndi mphunzitsi ku Hamburg. Koma zaka zisanu zimene anakhala akunyowetsa dongo la anthu ena ndizo zinali sukulu yake yeniyeni. Masiku ano ophunzira zaluso ena amanka kukagwira ntchito m'nyumba zotere, ndipo ambiri amanka ali ndi mtima woti akukapereka luso lawo kwa osowa. Kwa inu achinyamata amene mudzalowe pa khomo lotero, mbiri iyi ikuti: musafulumire kuongola chimene chikuoneka chokhota, sungani ngakhale kanthu kakang'ono kamene wodwala waumba, mulembepo tsiku, ndipo mawa mubwerenso pa nthawi imene munalonjeza. Ndipo kwa ife tonse amene tili ndi m'bale wodwala misala, tikumbukire kuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Munthu wotere asamangidwe ndi kuiwalika kuseri kwa nyumba, koma apatsidwe mankhwala oyenera, ntchito ya manja ake, ndi wina wokhala naye pafupi.