Ndere zofiira zimalipeza bwanji dzuwa pansi pa nyanja?

Funso: Kusukulu tinaphunzira kuti zomera zimapanga chakudya ndi chlorophyll, yomwe imabiriwiritsa masamba. Nanga ndere zofiira za m'nyanja yamchere zimakhala ndi moyo bwanji, ndipo kufiirako kunachokera kuti? Wowerenga, Nkhotakota.

Yankho: Aphunzitsi anu sanakunamizeni. Chlorophyll ilimo m'ndere zimenezi, kungoti inaphimbika. Nkhani yagona pa madzi. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, ndipo madzi amayamba kumeza kofiira. Mukamatsika pansi, kotsala ndi kwa buluu ndi kobiriwira. Tsoka ilo, kobiriwirako chlorophyll siikugwira bwino.

Apa m'pamene pamalowera utoto wofiira wotchedwa phycoerythrin. Umenewu ndi umene umawakha kuwala kobiriwira, koma sudziwa kupanga chakudya. Mphamvuyo umaipatsira utoto wa buluu, phycocyanin, uwunso n'kupatsira allophycocyanin, mpaka kufika kwa mwini ntchito, chlorophyll. Ganizirani anthu amene andanda pamzere akupatsirana njerwa mpaka kwa mmisiri. Pa kupatsirana kulikonse mphamvu imatsikako pang'ono, n'chifukwa chake imalowera mbali imodzi, osabwerera m'mbuyo. Ulendo wonsewu sukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, ndipo zotayika m'njira n'zochepa zedi.

Luso limeneli ndereyi inachita kulowa chokolo. Eni ake ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo, selo ina inameza kabakiteriya kotere koma osakagaya. Kanakhazikika momwemo n'kusanduka khitchini yake, ndipo ndere zofiira ndi zidzukulu za selo imeneyo. Zotsalira za ndere yofiira yakale choncho, Bangiomorpha, zinapezeka m'miyala ya pachilumba cha Somerset ku Canada.

Mu 1883 Theodor Engelmann wa ku Germany ananena kuti utoto ndi umene umasankhira ndere kuya koti zikhale. Zina zimamuvomereza: mu 1984 asayansi anapeza ndere yofiira pa mamita 268 pansi pa madzi, pafupi ndi chilumba cha San Salvador ku Bahamas, kumene diso la munthu lingati ndi usiku. Komabe ine ndimaona kuti mkuluyu anapitirira nazo. Kuli ndere zobiriwira zimene zimamera mozama ndithu, pamene amayi a ku Zanzibar amalima ndere za mtundu wofiira, zimene amazitcha mwani, pazingwe zomangidwa ku zikhomo m'madzi olekeza m'mawondo, dzuwa likuswa mtengo.