Mankhwala a Makoswe m'Mafuta Odzola

Ine nchito yanga ndi ya kumunda, ndipo ena mudabwa kuti mlangizi wa zaulimi akambiranji za mafuta odzola. Dikirani pang'ono: nkhaniyi inayambira ku Dipatimenti ya Zaulimi, kudziko la America.

Kumeneko kunali katswiri wopima mankhwala dzina lace Harvey Wiley. Iye analimbikira kufikira Boma linaika lamulo la 1906 loletsa kugulitsa zakudya ndi mankhwala oipa. Koma lamulolo linaiwala zodzola. Munthu ali yense anali kusakaniza cimene wafuna, natsira m'botolo, nagulitsa.

Ca m'ma 1930 kunabwera mafuta ochedwa Koremlu, ocotsa ubweya pa khungu. Akazi anagula ambiri. Atawapima, anapezamo thallium, mankhwala omwewo opha makoswe m'nkhokwe. Ife alimi tidziwa kuti zotere sitigwira ndi manja, koma akazi aja anali kupaka pa milomo masiku onse. Ena tsitsi linathothoka, ena miyendo inafa, ena maso anayamba kubvuta. Akuluakulu oyang'anira zakudya ndi mankhwala anaona zonsezi, koma analibe mphamvu yolanda botolo ngakhale limodzi, popeza lamulo silinachule zodzola.

M'caka ca 1933 kunabukanso Lash Lure, utoto wodetsa nsidze wocokera ku phula la malasha. Utotowu unatupitsa zikope ndi kucititsa zironda m'maso. Akazi ena anacita khungu, mmodzi anamwalira. Komabe aphungu anazengereza zaka zisanu, kufikira mankhwala ena akumwa atapha anthu oposa 100 m'caka ca 1937. Pamenepo Pulezidenti Roosevelt anasaina lamulo latsopano pa 25 June 1938, ndipo Lash Lure ndiye anayamba kulandidwa. Kuyambira apo, utoto wa phula la malasha unayenera kupimidwa ndi Boma usanalowe m'zodzola.

Nanga anapima bwanji? M'caka ca 1944 John Draize analongosola njira yodontheza mankhwala m'diso la kalulu ndi kuyang'ana ngati lifiira kapena kutupa. Kunena zoona, akalulu anasauka nayo njirayi, ndipo maiko a European Union analetseratu m'caka ca 1913 ai, ca 2013, kugulitsa zodzola zoyesedwa pa nyama. Makina a masiku ano apeza mtobvu kapena mekyule ngakhale pang'onong'ono, ndipo mekyuleyo apezeka kawirikawiri m'mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ya muno m'Africa.